Chitseko Chathu M'chipilala cha Simenti

Mwamuna wanga alibe manda amene ndingakulozereni. Ndiyambire pamenepo, chifukwa zonse zimene ndinene zikuchokera pomwepo. Anachoka m'nyengo ya mvula pamodzi ndi amuna ena a m'midzi yozungulira Malindi, amene analowa m'mapiri kukalimbana ndi boma. Silinali boma la azungu ayi, limenelo linali litapita. Linali boma lathu lomwe, latsopano, limene iye mwini analowerapo m'ndende poliyitanitsa zaka zochepa m'mbuyomo. Ena anabwerako ali m'maunyolo, ena anathawira kutsidya kwa malire, ena sanamvekenso. Wanga anali m'gulu la osamvekanso.

Ine kwathu ndi ku Makanjira. Ananditenga chitengwa kuti tikhale pafupi ndi amayi ake, poti anali amasiye ndipo mwana wamwamuna anali yekhayo. Tinali tisanaone mwana. Choncho atapita tinatsala akazi awiri m'nyumba ziwiri zoyang'anana, apongozi anga ndi ine, ndi bwato limodzi limene linauma mpaka kung'aluka.

Kuno kunyanja kusowa mtembo si chinthu chachilendo. Msodzi akamira, anthu amafufuza m'mabango ndi m'miyala, ndipo akatopa amadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kukaliika m'manda. Ansembe amapemphera, anthu amalira, akazi apabanja amakazira mandawo ndi manja, kenako abale amametana tsitsi, mkazi wa malemu n'kumasulidwa. Koma zimenezo zinali za anthu omira. Munthu amene boma lamutcha chigawenga sankalilidwa, chifukwa kumulira kunali kuvomera kuti nawenso ndiwe chigawenga. Ndinakhala choncho, wokwatiwa ayi, wamasiye ayi.

Tsiku lina ndinawapempha apongozi kuti angondimeta mwakachetechete, zithe.

"Ndikumeteni, apongozi, tisanaone pamene wagona?" anandiyankha. "Mutu wometa umafuna manda oti munthu aloze. Ife tiloza pati?"

Sindinawafunsenso.

Chitseko anachitenga masana, anthu akuona. Anabwera anyamata a chipani, ena a iwo ana a anthu amene tinkapemphera nawo, n'kunena kuti nyumba ya chigawenga isamakhale ndi chitseko, kuti iwo azionamo akamadutsa. Anachita zomwezo m'nyumba zina zingapo. Chathu chinawavuta kuzula, ndipo ndikukumbukira kuti ndinawabwereka nkhwangwa kuti amalize msanga, asandigwetsere khoma.

Chitseko chimenecho anapanga yekha mwamuna wanga. Anaphunzirako za matabwa ku mishoni asanasankhe nyanja, ndipo ankadzitama nacho ngati wamanga tchalitchi. Chinali cha mlombwa, matabwa atatu aakulu. Tsiku limene tinalowa m'nyumbamo anajoba kamtanda chakumtunda ndi mpeni, kakang'ono ngati chikhatho, ndipo kanapendamira mbali imodzi. Ndinkamuseka kuti mtanda wake waledzera. Chakumunsi kwake anakhomapo msomali. Masiku amenewo ukonde wa m'sitolo unali wa anthu ochepa. Ambiri ankasolola ulusi m'matayala otha a galimoto, kuupota, n'kulukira ukonde. Iye ankamangirira ulusiwo pamsomali uja n'kumakoka atakhala pakhonde, ndipo ulusi unadya thabwa mpaka kusiya timizere tochoka pamalo amodzi n'kumwazikana. Tinkakangana kawirikawiri chifukwa cha zimenezi. Munthu wasenza mtsuko, ukufuna kulowa m'nyumba mwako, akuti dikira kaye, ndimalize mfundo iyi.

Apongozi anaima pakhomo pawo n'kumayang'ana anyamata aja atasenza chitsekocho pamutu. Kwathu kuno matabwa anali osowa, ndipo mwini nyumba akamwalira, chitseko chake ndicho ankazula n'kupangira bokosi. Chitseko sichinkatuluka pakhomo tsiku wamba. Apongozi anangolowa m'nyumba, ndipo tsiku limenelo sanaphike.

Ndinapachika mphasa pakhomo. Patapita zaka zinthu zinazizirako, ena amene analandidwa zitseko anayamba kuikanso zina, ndipo palibe anawaletsa. Ine ndinasiya mphasa yomweyo, ikatha ndinkapachika ina. Ndinkadziuza kuti akadzabwera adzafunsa kuti ndani wagwira mpeni ndi nyundo pakhomo pake. Sikuti ndinkakhulupirira kwenikweni kuti adzabwera. Koma sindinkakhulupiriranso kuti wafa.

Anthu amaganiza kuti zaka zimenezo ndinkalira tsiku ndi tsiku. Ayi. Ndinkadya, ndinkagona, ndinkayanika usipa pathandala n'kukagulitsa ku boma. Khadi la chipani ndinkagula msanga kuposa aliyense. Akati tikavine, ndinkavina, ndipo m'chiuno mwanga munali mofewa kuposa mwa ambiri okhulupirika aja. Mtima wanga unali ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ukudziwa kuti ulipo, koma ungautsine osamva kanthu. Chaka chilichonse kunali tsiku lokumbukira anthu amene anafera ufulu, lomwe ankaletsa kulima, kupha nsomba ngakhale kuseka mokweza. Tsiku limenelo dziko lonse linkalamulidwa kukhala ndi chisoni, ndipo ndinkati mwina lero changa chibwera, poti palibe angandifunse. Sichinkabwera. Ndinkangokhala pakhonde n'kumatola timiyala mumpunga.

Ndiye kunamveka kuti amanga chipilala chokumbukira anthu amene analimbana ndi boma la azungu. Malo ake anasankha tsidya lino la mtsinje, pafupi ndi pokwerera pantoni yowolotsa anthu kupita ku boma, pamene msewu wobwera kwathu umayambira. Mudzi uliwonse unauzidwa kutumiza akazi okatunga madzi, ndipo pa ntchito zotere akazi a zigawenga sitinkaiwalika. Lole inkatitenga m'mawa n'kutibweza madzulo. Amene ankatiyang'anira anali amayi atcheya a m'dera lathu, mayi wonenepa, wa mawu aakulu, amene ankatsogolera nyimbo kutchalitchi Lamulungu ndi kuchipani masiku ena onse. Sanali munthu woipa mtima. Ankangoopa kwambiri, ndipo mantha awo ankatulukira m'kukalipa.

Omanga anali akaidi. Ankagwira ntchito kuseri kwa mpanda wa udzu, ife tinkangothira madzi m'migolo panja. Amene anajambula chipilalacho anali mnyamata wochokera kumzinda, woonda, wa magalasi, amene ankati anakaphunzira kunja. Ankayankhula Chichewa cha kumtunda, ndipo ankayenda ndi mapepala okulunga kukhwapa ngati munthu wogulitsa mphasa. Anali waulemu. Ankatipatsa moni ife otunga madzi, chinthu chimene anthu ovala nsapato sankachita kawirikawiri.

Tsiku lina atachotsa mbali ina ya mpanda, anatiyitana kuti atifotokozere. Zinali zipupa zitatu zazitali kuposa mtengo wa mango, zochindikala pansi, zopendamirana kumwamba koma osakhudzana. Denga panalibe. Pakati pa ziwiri panali mpata wopapatiza woti munthu alowe cham'mbali, ndipo m'katimo munali malo okwana anthu ochepa. Mtundu wake unali wa phulusa. Mnyamatayo anati zipupazo ndi anthu amene aima moyandikana, aliyense atatsala pang'ono kugwa koma osagwa chifukwa anzake alipo. Anati mpatawo ndi khomo la ndende, munthu alowe movutika kuti akumbuke. Anati akalowa aziyang'ana kumwamba, aone kuti kulibe chomuphimba.

Amayi atcheya anagwedeza mutu nthawi yonseyi ngati amva. Atamaliza anafunsa funso limene tonse tinali nalo.

"Zikomo, achimwene. Nanga penti wake adzakhala wa mtundu wanji?"

"Palibe penti, amayi. Pulasitala palibenso. Chatha chonchi."

Tinaseka, poganiza kuti akuchita nthabwala. Iye sanaseke.

"Anthu tikuwakumbukirawa sanafe atavala suti," anatero. "Ndikufuna aliyense aone kuti chapangidwa ndi chiyani. N'chifukwa chake ndinakana matabwa atsopano opala bwino. Ndinapempha akale, okhakhala, kuti tikathira simenti m'kati mwake n'kuwachotsa, mizere yawo itsale pakhoma."

"Nanga maina mulemba pati?"

Mnyamatayo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya.

"Maina ndi ambiri, amayi. Sangakwane."

Tonse tinadziwa chifukwa chenicheni. Ambiri mwa amene analimbana ndi azungu m'boma lathu lino ndi omwewo amene tsopano ankatchedwa zigawenga, ndipo dzina lolemba m'simenti silifufutika ndi malovu.

Tanthauzo la mnyamata uja linathera pomwepo. M'lole pobwerera aliyense anali ndi lake. Ena anati akuona mabwato atatu oimika chilili. Mayi wina anati ndi mafuwa opanda mphika, ndipo ndi m'mene ambiri anazolowera kuchitchula. Wina ananong'ona kuti kwawo khoma lotere amamanga kuseri kwa nyumba, ndipo tinaseka titatseka pakamwa ndi nsalu. Ine ndinalibe maganizo. Kwa ine chinali chinthu chomwa madzi ambiri basi.

Ndipo chinkamwadi. Akaidi atachotsa matabwa, mnyamata uja anati simenti yatsopano imafuna kuthiriridwa kuti isang'aluke. Tinayamba kukwapula zipupazo ndi madzi a m'zidebe. M'kati munkalowa oonda okha, ndipo ine ndinali mmodzi wa iwo.

Ndinalowa cham'mbali, chidebe patsogolo. Munali mozizira ndi monunkha simenti. Makoma onse anali ndi mizere ya matabwa, ina yoima, ina yopingasa, ndi timabowo ta misomali. Ndinathira khoma loyamba, n'kutembenukira lachiwiri. Pamenepo ndinaona chitseko changa.

Chinali chitaima monga chinkaimira pakhomo, matabwa atatu aakulu, msinkhu wake womwewo. Zonse zimene zinali zolowa m'kati pathabwa, apa zinali zotuluka kunja. Kamtanda kaja kanali katatumphuka pakhoma, katapendamira mbali inayo. Timizere ta ulusi wa matayala tinali ngati mitsempha ya pamkono wa nkhalamba, tochoka pamalo amodzi n'kumwazikana. Ndinazindikira ngakhale pamene mbuzi ya apongozi inatafunapo m'munsi. Pambuyo pake ndinamva kuti zinthu zimene ankalanda m'midzi ankaziunjika kuseri kwa nyumba ina ku boma, ndipo mnyamata uja atapempha matabwa akale, anamutengera kumeneko. Iye sankadziwa kuti ndi a yani, ndipo sindikhulupirira kuti anafunsa.

Ndinatula chidebe pansi. Ndinaika chala pamtanda uja n'kudikira kuti ndimve kanthu, kaya kuwawa, kaya mkwiyo. Ndinangomva kuzizira kwa simenti. Amayi atcheya anakuwa panja kuti kodi ndagona m'menemo, ndipo ndinanyamula chidebe n'kuthira madzi pachitseko changa monga anandiuzira.

Potuluka ndinapeza mkaidi wina wachikulire akusonkhanitsa misomali yopindika.

"Bambo, matabwa munachotsa m'katimu ali kuti?"

"Tinasonkhera moto, amayi. Nyemba za kundende sizipsa msanga."

"Onse?"

"Onse. Panali ena a mlombwa, anayaka bwino kwambiri."

Ndinamuthokoza.

Madzulo ake ndinawauza apongozi akusankha nkhwani pakhonde pawo. Sanadzutse mutu. M'mawa mwake ndinawapeza ali kale pamsewu, atavala nsalu yawo ya kutchalitchi, kachidebe kali m'manja. Amayi atcheya anakondwa kwambiri. Anauza lole yonse kuti taonani gogo uyu, mwana wake anasokera koma iye wabwera yekha kudzatumikira dziko. Apongozi anawomba m'manja mwaulemu n'kukwera.

Analowa m'chipilalamo okha, ndipo anakhalitsamo. Atatuluka, madzi anali akadali m'kachidebe kawo. Tili m'njira pobwerera anandifunsa motsitsa mawu.

"Chitsekocho anachichita chiyani kuti chituluke chonchija?"

"Anachikhomera pamodzi ndi matabwa ena, amayi, n'kupanga chibokosi chachitali. Kenako anathiramo simenti."

"Anapanga bokosi."

"Inde."

Anangoti, "Chabwino," n'kuyang'ana kumapiri mpaka tinafika.

Ntchito ya madzi itatha, chipilalacho chinakhala miyezi ingapo chikudikira munthu wodzachitsegulira. Mnyamata wa magalasi anamuyitana kumzinda. Palibe ankachilondera, ndipo mbuzi zinkabisalamo dzuwa. Ine ndikamapita ku boma ndi dengu la usipa, ndinkafika pamtsinje msanga, kulowa cham'mbali, n'kukhala pansi nditatsamira chitseko changa. Sindinkapemphera kapena kuyankhula naye. Ndinkangokhala, msana uli pamizere ija, mpaka nditamva pantoni ikuyandikira. M'zaka zonsezo ndinali ndisanafune kanthu kalikonse, ngakhale nsalu yatsopano. Tsopano ndinkafuna chinthu chimodzi, kuti chitseko chija achisiye pomwepo.

Kenako kunabwera uthenga woti mlendo wamkulu wochokera kulikulu abwera kudzatsegulira. Amayi atcheya anatisonkhanitsa pabwalo la sukulu, nkhope ili thukuta lokhalokha.

"Amayi anzanga, kodi mlendo timamulandira m'nyumba yosazira?"

Tinayankha kuti ayi.

"Nanga chinthu chija chili maliseche chonchija? Adzati anthu a ku Mangochi ndi aulesi. Kapena adzati tachita dala."

Mawu akuti tachita dala ndi amene anatha nkhani. Dera lathu linali kale ndi mbiri ya zigawenga, ndipo aliyense ankadziwa chimene chimachitikira anthu ochita dala. Kunena zoona, panalibe mkazi pabwalopo amene ankaona kuti amayiwo akulakwitsa. Kwathu ngakhale wosauka chotani, akamva kuti kukubwera mlendo amakatapa dothi kudambo n'kuzira nyumba yake mpaka khonde. Khoma losazira ndi la nyumba imene mwini wake anafa kapena anathawa. Akuluakulu a chipani anagwirizana kuti matumba a simenti otsala asakanizidwe ndi mchenga, amuna akwere makwerero apake kumtunda, akazi tizire m'munsi ndi m'kati, kenako chonse chipakidwe njereza.

Sindikudziwa chimene chinandigwira. Ndinaimika dzanja.

"Amayi, mmisiri uja anati chisapakidwe kanthu."

Amayi atcheya anatembenukira kwa ine.

"Amuna anu nawonso anali ndi maganizo awoawo," anatero. Kenako anafewetsa mawu, ngati akundichitira chifundo. "Inu mudzalowa m'kati, ndinu woonda. Ndiponso ndimaona m'mene mumazirira khonde lanu, dzanja lanu ndi labwino."

"Ndidzalowa nawo," anatero apongozi. "Ndizidzawapatsira matope."

Tsiku lozira kunali anthu ambiri ndi nyimbo. Zopakira za amisiri zinali zochepa, zinapita kwa amuna a pamakwerero. Ife tinachita monga timachitira kunyumba: kutapa ndi dzanja, kupaka ndi chikhatho, kusalaza ndi nkhulungo, mwala wosalala uja umene mkazi aliyense amasunga. Palibe anatiuza kuti simenti si dothi. Dzuwa lisanafike pamutu, zala zinali zitayamba kusupuka.

M'kati tinalimo awiri. Ndinayamba ndi khoma la kumanzere, ndipo ndinalizira mosamala kuposa m'mene linkafunikira. Kenako ndinapita ku lina. Ndinkabwereza malo amene ndamaliza kale, kusalaza posalala. Apongozi ankandipatsira matope m'beseni. Pomaliza panalibenso pothawira. Makoma awiri anali osalala, lachitatu ndinali nditalizira m'mbali monse, ndipo pakati panatsala chitseko chokha.

Ndinaima manja ali lende, matope akudontha.

"Amayi, sindingathe."

Aka kanali koyamba m'zaka zonsezo kunena kuti pali chinthu chimene sindingathe. Apongozi anatula beseni pansi. Anamasula nsalu yawo n'kuimanganso m'chiuno molimba, monga amachitira akazi pamaliro.

"Apongozi, tamverani. Chitseko chake chinatuluka pakhomo, tonse tinaona. Bokosi anapanga. Pamene wagona ndi pano. Chatsala n'kuzira, ndipo woyamba kuzira amakhala mkazi wake."

"Mulibe munthu umu, amayi."

"M'thunthu la nthochi mumakhala munthu?"

Anagwada pansi movutika, mawondo akulira, n'kuyamba pemphero la poika maliro, limene ankalidziwa pamtima chifukwa anali ataika anthu ambiri. Ankalinena motsitsa kwambiri. Kunja akazi ankayimba nyimbo yotamanda chipani, ndipo amuna a pamakwerero ankaponyerana nthabwala pamwamba pathu. Pamene ansembe amatchula dzina la womwalirayo, iwo anatchula dzina la mwana wawo, lonse, la ubatizo ndi la kumudzi. Ndinali ndisanalimve likutuluka pakamwa pa munthu chichokereni iye.

Ndinatapa matope n'kuyambira m'munsi, pamene mbuzi inatafuna. Ndinakwera pang'onopang'ono. Timizere ta ulusi tinandikanda m'chikhatho chosupukacho, ndipo panatsala magazi pang'ono amene ndinawaphimba ndi matope ena. Apongozi anaimirira n'kupaka nawo dzanja limodzi, kenako n'kundisiyira. Kamtanda ndinamalizira. Poti kanali kotumphuka, kanafuna matope ambiri, ndipo ndinachita kukuza khoma lonse mozungulira kuti pasaoneke chotupa. Ndinasalaza ndi nkhulungo mpaka panawala.

Amayi atcheya anasuzumira pampata, poti kulowa sakanatha.

"Ndinanena ine," anatero. "M'katimu ndi mokongola kuposa kunja konse."

M'mawa mwake, nditabwera kotunga madzi, apongozi anandiyitanira kuseri kwa nyumba yawo, pamene panali nthochi. Anali atayala mphasa ndipo lumo linali m'mbale ya madzi. Zala zawo zinali zilonda zokhazokha, choncho analigwira atalikulunga m'kansanza. Ndinakhala pansi n'kuwerama. Sopo tinalibe. Ndinkamva lumo likukanda ndi tsitsi likugwera pamapewa, ndipo ndinkaganiza za usipa umene ndinasiya pathandala, ngati akhwangwala sanaufike.

Atamaliza anandipatsa lumolo n'kukhala pamene ndinakhala ine. Tsitsi lawo linali loyera ndi lofewa, silinavute. Ndinali ndisanaonepo khungu la pamutu pawo. Linali lopyapyala, ndipo kumbuyo kwa khutu mtsempha unkagunda. Nditaliona m'pamene ndinadziwa kuti mwamuna wanga anafa. Sindinakuwe. Lumo linangoterereka, ndipo ndinawacheka pang'ono. Anati palibe kanthu, ndimalize.

Tsitsi tinalikwirira pansi pa nthochi. Tinamanga maduku mpaka m'makutu.

"Tsopano ndinu womasuka, apongozi," anatero. "Mukafuna kupita kwanu ku Makanjira, pitani. Mukapeza mwamuna, kwatiwani. Ine ndilibe nanu mlandu."

Ndinawauza kuti ndamva.

Tsiku lotsegulira kunadzaza anthu kuchokera kumtsinje mpaka kumsewu. Kunabwera malole a m'midzi yonse, ana a sukulu ndi mbendera, apolisi oliza malipenga, ansembe ndi mashehe atakhala mzere umodzi. Chipilala chinali mbee, choyera moti munthu sukanachiyang'ana nthawi yaitali padzuwa. Mnyamata wa magalasi anafika ndi galimoto za alendo. Ndinamuona akutsika, n'kuima. Anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, anayandikira n'kukanda njereza ndi chikhadabo. Ndinamumvera chisoni, chifukwa nkhope imeneyo ndinkaidziwa. Mlendo wamkulu atayamikira anthu a ku Mangochi chifukwa cha ukhondo wa ntchito yawo, mnyamatayo anawomba nawo m'manja.

Ife tinavina. Ndinali nditamanga duku ndi mfundo ziwiri kuti lisagwe, ndipo thukuta linkayabwa pamutu wometa. Kenako analamula kuti anthu onse aime chete kukumbukira amene anafa. Khamu lonselo linakhala zii, amuna atavula zipewa, apolisi atawerama. Apongozi anali pambali panga. Anayang'ana uku ndi uku, ngati munthu amene akufuna kudziwa kuti ndani wabwera ndipo ndani sanabwere, kenako anandikoka nsalu.

"Mwana wanga maliro ake anthu abwera," ananong'ona.

Ku Makanjira sindinapite nthawi imeneyo. Ndinakhala nawo mpaka anamwalira, ndipo manda awo ndinazira ndine. Chipilalacho ankachipaka njereza chaka ndi chaka, ndipo pulasitala wathu wa m'manja anayamba kusweka kunja mvula zitapita zingapo. Wa m'kati sanasweke. Ndinalowamo kamodzi kukaona, ndipo ndinapeza khoma lili monga ndinalisiyira.

Koma ndisadumphe. Sabata yomwe tinatsegulira chipilala, ndinapita kwa kalipentala wa ku mishoni n'kumuuza kuti ndikufuna chitseko. Anabwera ndi chingwe chake, anachotsa mphasa, anayeza khomo. Anafunsa ngati ndikufuna mlombwa, ndinati mtengo uliwonse umene ali nawo. Akupinda chingwe anafunsanso.

"Ambiri amakonda kamtanda chakumtundaku, amayi. Ndijobe?"

Ndinamuuza kuti ayi, achipale bwino, chikhale chosalala.